Mpata Wopanda Kanthu M'kaundula

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndinaumvetsa bwino patchuthi chapitachi, pamene Bambo Mfumu a parishi yakwathu anandipempha kuti ndithandize muofesi. Maina a m'kaundula wa ubatizo ndi wa ulimbitso anali atalowetsedwa kale m'kompyuta. Ntchito yanga inali kutulutsa mndandanda wa achinyamata obatizidwa amene sanalimbitsidwe, kuti akatekisti ayambe kuwaphunzitsa Ambuye Arkiepiskopi asanabwere. Ndinalakwa katatu, ndipo ndati ndikugawireniko zimene ndinaphunzira.

M'kompyuta kaundula aliyense amasungidwa ngati tebulo la mizere, munthu aliyense ndi nambala yake. Nzeru imeneyi anaiyala ndi Edgar F. Codd wa kampani ya IBM m'chaka cha 1970. Mafunso timafunsa m'chilankhulo chotchedwa SQL, ndipo liwu lolumikizira matebulo awiri ndi JOIN.

Choyamba, ndinalumikiza mabuku awiriwo ndi INNER JOIN. Mndandanda unatuluka wooneka bwino, koma Bambo atauyang'ana anandifunsa, "Mwana wanga, nanga ana amene tikuwafuna aja ali kuti? Onsewa ndi olimbitsidwa kale." INNER JOIN imatulutsa okhawo amene ali m'mabuku onse awiri. Yoyenera inali LEFT JOIN, imene imasunga wobatizidwa aliyense, ndipo amene sakupezeka m'buku la ulimbitso imamusiyira mpata wopanda kanthu. Mpata umenewu dzina lake ndi NULL.

Chachiwiri, pofuna kusankha anthu a mipata ija ndinalemba kuti tsiku = NULL. Sipanatuluke dzina ngakhale limodzi. Chifukwa chake n'chakuti NULL si ziro, komanso si "ayi". Tanthauzo lake ndi "sizikudziwika". Anthu awiri akabwera ndi matumba omanga kukamwa, simunganene kuti anyamula zofanana, pakuti simunaone zam'kati. SQL nayo ili ndi mayankho atatu: zoona, zonama ndi zosadziwika, ndipo imatulutsa mizere yokhayo imene yankho lake ndi zoona. Tiyenera kulemba kuti tsiku IS NULL.

Chachitatu, Bambo anafuna kuti nthawi zina azisankha tchalitchi chimodzi, nthawi zina aziona parishi yonse. Ndinakonza malo olembapo dzina la tchalitchi, koma iwo atasiya malowo osalemba, pepala linatuluka loyera. Kompyuta inali kuyerekeza tchalitchi cha munthu aliyense ndi NULL. Mankhwala ake ndi kulemba motere: :chosankha IS NULL OR tchalitchi = :chosankha. Ndiye kuti ngati sanasankhe, tulutsa onse. Ngati asankha, tulutsa a tchalitchi chimenecho. Mawu amenewa muziwatsekera m'mabulaketi mukamawaphatikiza ndi zosefera zina, popeza AND imawerengedwa OR isanawerengedwe. Chenjeraninso ndi ichi: chosefera chokhudza buku la ulimbitso, monga chaka, mukachiika pa WHERE chimachotsa onse a mipata aja, ndipo LEFT JOIN yanu imasanduka INNER JOIN mwakachetechete. Ngati mufuna obatizidwa onse aoneke, chiikeni pa ON.

Mndandanda utatuluka bwino ndinkayesa ndamaliza. Koma akatekisti ena achikulire atawerenga analoza dzina lina n'kunena kuti, "Uyu analimbitsidwa kale, ankakhala ndi amalume ake kwina pa nthawi ya sukulu." Kwathu kuno zotere n'zambiri. Mwana amabatizidwa ku Nambuma n'kukakulira ku Namitete, wina amabadwira ku Nsaru kapena ku Kabudula makolo n'kusamukira ku Mpingu kapena m'tauni ya Lilongwe. Malamulo a Mpingo a 1983 amati, pa nambala 895, wansembe wa kumene munthu walimbitsidwira adziwitse parishi imene anabatizidwira, ndipo nambala 535 imati ulimbitsowo ulembedwe m'kaundula wa ubatizo. Koma kalata itha kukhala ikadali m'njira. Nambala 845 imatikumbutsa kuti ubatizo, ulimbitso ndi unsembe sizilandiridwa kawiri. Tikadawerenga mpata uja ngati "ayi", tikadamuika mnyamatayo pamzere wa sakramenti limene analandira kale.

Tsono mndandanda uja ndinausintha mutu. M'malo mwa "Osalimbitsidwa" ndinalemba kuti "Ofunika kufufuza", ndipo akatekisti anayenda m'miphakati kufunsa banja ndi banja.

Inu makolo, sungani bwino makadi a ubatizo a ana anu, ndipo mukasamuka kawaonetseni ku parishi yatsopano. Ife aseminale, ena mwa ife mawa tidzasunga mabuku amenewa. Tikadzapeza mpata wopanda kanthu, tisadzathamangire kuudzaza ndi maganizo athu. Tidzayambe tafunsa.