Phunziro: Zoyenera Kuyembekezera Pokonza Pulogalamu ya Tsamba la Mchezo la Gulu Lathu

Dera la Chambe ndi limodzi mwa makomo olowera m'phiri la Mulanje. Alendo ambiri okwera phiri amayambira pa Likhubula, pomwenso mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race umayambira ndi kuthera. Nsonga ya Chambe, yomwe ndi yotalika kuposa mamita 2,500, imadziwika kwa akatswiri okwera matanthwe m'mayiko ambiri. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo dzina la boma lathu lamveka patali. Nkosadabwitsa tsono ngati operekeza alendo, onyamula katundu, osema ziboliboli, alimi a m'makopaletivi ndi magulu a achinyamata atalingalira zokhala ndi tsamba lawolawo la mchezo pa intaneti, loti mamembala azilembetsa, kukambirana ndi kutsatsa malonda.

Lingaliroli ndi labwino, koma limadya ndalama za gulu ndiponso limasunga mbiri za anthu. Phunziro lino lalembedwa pofuna kuthandiza makomiti a VDC ndi ADC, atsogoleri a magulu ndi alangizi kudziwa zimene pulogalamu yotere ingachite, zimene singachite, ndi zoyenera kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba la gulu.

1. Njira zitatu zokhalira ndi tsamba

Njira yoyamba ndiyo kugwiritsa ntchito masamba amene alipo kale, monga gulu la pa WhatsApp kapena tsamba la pa Facebook. Izi zili ngati kuchita lendi m'nyumba ya mwini: mungapachike chithunzi pakhoma, koma simungagumule chipupa. Mwachitsanzo, gulu limodzi la pa WhatsApp silipyola anthu 1,024, ndipo palibe katswiri wa kuno kapena wa kunja amene angakusinthireni malirewo, chifukwa mwini pulogalamuyo ndi kampani ya Meta.

Njira yachiwiri ndiyo kutenga pulogalamu yopangidwa kale, imene eni ake amalola aliyense kuitenga ndi kuisintha, nkuikonza kuti igwirizane ndi zosowa za gulu. Zitsanzo zake ndi BuddyPress, yomwe imagwira ntchito pamodzi ndi WordPress, komanso Elgg, HumHub ndi Mastodon. Njira yachitatu ndiyo kulemba pulogalamu yatsopano kuyambira pa maziko. Imeneyi imafuna gulu la akatswiri, nthawi yaitali ndi ndalama zochuluka, motero siyenera magulu a m'midzi. Phunziro lino likutsindika njira yachiwiri, popeza ndiyo imene kawirikawiri imaoneka yapafupi pamene ili ndi zobisika zambiri.

2. Kusintha kuli pa magawo atatu

Gawo loyamba ndi la maonekedwe: dzina la tsamba, chizindikiro cha gulu, mitundu ndi zithunzi. Izi zimasinthika m'masiku ochepa ndipo sizisokoneza kanthu. Kumasulira mawu a pa tsamba kukhala m'Chichewa kapena m'Chilomwe kulinso m'gawo lino, ngakhale kumatenga nthawi kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa pulogalamu imodzi imakhala ndi mawu ndi ziganizo mazanamazana. Nkofunikanso kuyesa ngati pulogalamuyo ikulandira bwino mawu okhala ndi kachizindikiro ka pamwamba, monga Mang'anja kapena ng'ombe, pakuti mapulogalamu ena osakonzedwa bwino amakana maina otere.

Gawo lachiwiri ndi la zoonjezera. Izi ndi timapulogalamu ting'onoting'ono tolumikiza ku pulogalamu yaikulu, monga kalendala ya misonkhano, mapu, kapena malo otsatsira malonda. Zambiri zilipo kale, zina zaulere, zina zolipira chaka ndi chaka. Vuto lake ndi lakuti zimalembedwa ndi anthu osiyanasiyana amene sanapangane. Choonjezera chimodzi chikhoza kulimbana ndi chinzake, ndipo mwini wake akasiya kuchisamala, gawo limenelo la tsamba limafa.

Gawo lachitatu ndi losintha mtima weniweni wa pulogalamu. Mastodon, mwachitsanzo, imalola zilembo 500 pa uthenga umodzi, ndipo wofuna kuonjezera malirewo ayenera kulowa m'kati mwa pulogalamu nkusintha malamulo ake. Zimenezi nzotheka, koma zili ndi mtengo wobisika. Eni pulogalamu amatulutsa mtundu watsopano nthawi ndi nthawi pofuna kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Mtundu watsopano ukabwera, zonse zimene munasintha m'kati ziyenera kukonzedwanso. Mukaleka kulandira mitundu yatsopano poopa ntchito imeneyi, tsamba lanu limatsala ngati nyumba yopanda loko. Motero lamulo la nzeru ndi ili: sinthani kwambiri pa gawo loyamba, sankhani mosamala pa gawo lachiwiri, ndipo pewani gawo lachitatu pokhapokha ngati palibiretu njira ina.

Tiyerekeze kuti operekeza alendo a ku Likhubula akufuna kuti mlendo azisankha tsiku, azilipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo dzina la woperekeza lizituluka lokha motsatira mndandanda wa kasinthasintha. Kalendala ili pa gawo lachiwiri. Kulipira kumafuna mgwirizano ndi kampani ya mafoni kapena kampani yolumikiza malipiro, komanso akaunti ya gulu lolembetsedwa mwalamulo. Mndandanda wa kasinthasintha uyenera kulembedwa mwapadera, chifukwa mapulogalamu a masamba a mchezo sanapangidwire ntchito imeneyo. Pempho limene limanenedwa m'chiganizo chimodzi lasanduka ntchito zitatu zosiyana, iliyonse ndi mtengo wake.

3. Pulogalamu yaulere si ntchito yaulere

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Pulogalamu ikhoza kukhala yaulere, koma imafuna seva, ndiye kuti kompyuta yoyaka usana ndi usiku momwe tsamba limasungidwa. Imafuna dzina la pa intaneti lolipiridwa chaka chilichonse, kaya lothera ndi .mw kapena .org. Imafuna munthu wosunga makope a zonse zolembedwa, wolandira mitundu yatsopano, ndi woyankha tsamba likazima. Zithunzi ndi mavidiyo zikachuluka, malo a pa seva amachepa ndipo mtengo umakwera.

Zambiri mwa izi zimalipiridwa m'madola. Mu November 2023 banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, kutanthauza kuti chinthu cha m'madola chimene gulu linkalipira K100,000 chinafika pafupifupi K144,000 popanda kusintha kalikonse pa ntchito yake. Choncho bajeti ya tsamba isakhale ya tsiku lotsegulira lokha. Ionetse ndalama za zaka zosachepera zitatu, ndi komwe zidzachokere wopereka thandizo akadzachoka.

Boma lathu lili ndi chitsanzo cha momwe pulogalamu yotengedwa kwina imakhalira yothandiza. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaulere yopangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway. Imagwira ntchito chifukwa kumbuyo kwake kuli ogwira ntchito ophunzitsidwa m'maboma ndi ku likulu, amene amaisamala chaka ndi chaka. Mphamvu yake ili mwa anthuwo.

4. Kumanga msika si kudzaza msika

Chiyembekezo chimene chimakhumudwitsa kwambiri ndi chakuti tsamba likangotsegulidwa anthu adzakhamukirako. Munthu amapita kumene kuli abale ndi anzake. Kampani ya Google, ndi chuma chake chonse, inatsegula Google+ mu 2011 pofuna kupikisana ndi Facebook, koma inaitseka kwa anthu wamba mu April 2019. Ku South Africa kunali Mxit, yomwe inkagwira ntchito ngakhale pa mafoni otsika mtengo ndipo inali ndi anthu mamiliyoni ambiri. Mafoni amakono ndi WhatsApp zitafala, anthu anasamuka, ndipo mu 2015 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka malonda ake.

Phunziro lake ndi lakuti tsamba la gulu la ku Chambe lisayese kulanda malo a WhatsApp. Likhale ndi ntchito imodzi imene masamba enawo saichita bwino, monga kusunga mndandanda wotsimikizika wa operekeza alendo ovomerezeka ndi mitengo yogwirizana, kapena kusunga mfundo za misonkhano ya ADC mwa dongosolo loti zipezeke ngakhale patapita zaka. Mauthenga a tsiku ndi tsiku apitirire kumene anthu anazolowera.

5. Foni ya ndani, netiweki ya kuti?

Musanasankhe pulogalamu, werengani mafoni a mamembala. Ndi angati ali ndi foni yolowa pa intaneti? Ndi angati amabwereka ya mwamuna, ya mwana kapena ya mnansi? Amatchaja kuti? Kumbukiraninso kuti mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook satsegula masamba ena, motero membala adzafunika bandulo ina kuti alowe pa tsamba la gulu. Kuyesa kwa tsamba kuchitikire m'midzi ya mamembala komanso m'njira ya kuphiri, pa mafoni awo enieni, osati pa kompyuta ya katswiri mu ofesi ya mumzinda.

Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaononga misewu, milatho ndi magetsi m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a m'chigawo cha kummwera, ndipo kulumikizana kunavuta. Tsamba la pa intaneti lisakhale njira yokhayo yochenjezera anthu za ngozi. Wailesi, mauthenga a SMS, mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi akhalebe patsogolo.

Ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni ikutiphunzitsa za kusankha chida choyenera. Inayamba mu 2011 m'boma la Balaka mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, ndipo munthu amangoimba pa foni wamba. Inayamba m'boma limodzi, inakula pang'onopang'ono kufikira dziko lonse, kenaka Unduna wa Zaumoyo unaitenga. Inafika kutali chifukwa inagwiritsa ntchito foni imene anthu anali nayo kale.

6. Udindo pamaso pa malamulo

Gulu likayamba kusunga maina, manambala a foni, zithunzi ndi manambala a ziphaso za mamembala, lasenza udindo. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira, limateteza mbiri za munthu ndipo limafuna kuti zisungidwe motetezeka ndi kugwiritsidwa ntchito pa cholinga chimene zinatoleredwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa intaneti. Palibe pulogalamu imene ingaweruze yokha mkangano wa malire a munda kapena kuzindikira mwano wokutidwa m'mwambi wa Chichewa. Pafunika anthu awiri kapena atatu osankhidwa ndi gulu, amayi ndi abambo, oyang'anira zolembedwa motsatira malamulo amene mamembala anagwirizana. Musatolere mbiri imene simukuifuna, makamaka ya ana.

7. Zoyenera kulowa mu mgwirizano ndi katswiri

Mgwirizano ulembedwe, ndipo utchule ntchito iliyonse payokha, mtengo wake ndi tsiku lomalizira. Dzina la tsamba ndi seva zilembetsedwe m'dzina la gulu, osati la katswiri, ndipo mapasiwedi aakulu asungidwe ndi akuluakulu awiri a komiti. Malipiro aperekedwe m'magawo, gawo lomaliza pambuyo poti mamembala ayesa tsambalo pa mafoni awo. Katswiri alembe zonse zimene wasintha kuti wina adzathe kupitiriza, aphunzitse anthu osachepera awiri, ndipo anene mtengo wosamalira tsamba pa chaka. Pempho latsopano lobwera ntchito ili m'kati ndi ntchito yatsopano, ndipo ndi chilungamo kuti katswiri alipidwe. Ngati ndalama ndi za boma, malamulo a kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma atsatidwe, ndipo ganizolo lidutse ku VDC ndi ADC monga chitukuko china chilichonse.

Yambani ndi kagulu kochepa kwa miyezi itatu. Anthu akamabwerera okha pa tsambalo osakumbutsidwa, onjezerani ntchito yachiwiri. Akapanda kubwerera, gulu laphunzira pa mtengo wochepa, ndipo ndalama zotsala zikhoza kupita ku ntchito ina.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi vuto liti lenileni limene tsamba lathu lidzathetse, lomwe WhatsApp, SMS kapena msonkhano wa pabwalo sizingathetse?
2. Pa zimene tikufuna, ndi ziti zili pa gawo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu?
3. Ndi mamembala ati amene adzatsalire kunja chifukwa chosowa foni kapena bandulo, ndipo uthenga udzawafika bwanji?
4. Ndalama za seva ndi zosamalira tsamba m'chaka chachiwiri ndi chachitatu zidzachokera kuti?
5. Katswiri wathu akasamuka mawa, ndani ali ndi mapasiwedi ndi makope a zonse zolembedwa?