Mbiri ya Mzinda wa Lyon: Magazi a Amaritiri ndi Kakobiri ka Osauka

Chaka ndi chaka m'mwezi wa Okutobala timapereka chopereka cha Lamulungu la Mishoni. Mwambo wosonkha ndalama zothandiza mishoni unayambira mu mzinda wa Lyon, m'dziko la France, ndipo mbiri ya mzindawo ndiyo phunziro lathu lero.

Aroma anamanga mzinda umenewu m'chaka cha 43 Khristu asanabadwe, paphiri loyang'ana pamene mitsinje ya Rhône ndi Saône ikomana, nautcha Lugdunum. Popeza misewu ikuluikulu inkayambira pomwepo, mzinda unakula msanga nusanduka likulu la dziko lonse la Gaul. Amalonda ankafika kuchokera kutali, ndipo pakati pao panali Akhristu a ku Asia Minor. Motero Mthenga Wabwino unafika ku Lyon ndi alendo, monga unafikira kuno kwathu.

M'chaka cha 177, nthawi ya mfumu Marcus Aurelius, mazunzo anabuka. Ambuye Pothinus, Episkopi woyamba, nkhalamba ya zaka zoposa 90, anamenyedwa nafera m'ndende. Mtsikana Blandina, amene anali kapolo, anazunzidwa kuyambira m'mawa kufikira madzulo, koma sanakane Khristu. Iye analimbitsa mtima mnyamata Ponticus wa zaka 15, ndipo anaphedwa pomalizira pa onse. Adani anatentha mitembo yao nataya phulusa mu Rhône, poyesa kuti Eklezia watha. Koma Irenaeus Woyera analowa m'malo mwa Pothinus. Ali mwana ku Smyrna, iyeyu anamvera ulaliki wa Polycarp Woyera, wophunzira wa Yohane Mtumwi.

Patapita zaka mazana ambiri, Lyon analandira misonkhano iwiri ikuluikulu ya Eklezia yense: wa 1245 pansi pa Papa Innocent IV, ndi wa 1274 pansi pa Papa Gregory X. Bonaventure Woyera anamwalira komweko msonkhano wachiwiri uli mkati.

M'chaka cha 1536 mfumu Francis I inapereka ufulu wapadera kwa oomba nsalu za silika, ndipo ntchito imeneyi inalemeretsa mzinda. Koma chuma sichinabweretse mtendere. M'chaka cha 1793 Lyon anaukira boma la Revolution la ku Paris. Asilikali anazinga mzinda naugonjetsa, ndipo pambuyo pake anthu pafupifupi 2,000 anadulidwa mitu kapena kuomberedwa. M'chaka cha 1831, ndiponso cha 1834, oomba nsalu anadzuka chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo magazi anakhetsedwanso m'misewu.

Pakati pa antchito osaukawa ndi pamene Mulungu anafesa mbeu yatsopano. Pauline Jaricot, mwana wa munthu wolemera wamalonda a silika, anabadwa m'chaka cha 1799. Nzeru yake inali yapafupi: anthu asonkhane khumi khumi, azipempherera mishoni, ndipo aliyense azipereka kakobiri kamodzi pa mlungu. Oyamba kuvomera anali akazi ogwira ntchito ya silika. Pa 3 Meyi 1822 ntchitoyi inakhazikitsidwa kukhala Bungwe Lofalitsa Chikhulupiriro. M'chaka cha 1922 Papa Pius XI analiika pansi pa ulamuliro wake nasamutsira likulu lake ku Roma, ndipo m'chaka cha 1926 anakhazikitsa Lamulungu la Mishoni. Pauline mwini wake anataya chuma chake chonse poyesa kuthandiza antchito, namwalira ali mmphawi m'chaka cha 1862. Eklezia anamutcha Wodala pa 22 Meyi 2022.

Mutu umodzi susenza denga. Timakobiri ta anthu osauka tinasamala amishonale m'maiko ambiri, ndipo Eklezia wa kuno kwathu wapindula ndi thumba lomwelo. Lyon analandira chikhulupiriro kwa alendo, anachisunga ndi magazi, kenaka nachitumiza kwa ena. Ifenso tinalandira. Munthu asanene kuti, “Ndine wosauka, za mishoni n'za azungu,” pakuti amene anayamba kusonkha sanali olemera.

Mafunso oti akatekisiti akambirane ndi Akhristu:
1. Kodi Mthenga Wabwino unafika bwanji ku Lyon?
2. Blandina Woyera atiphunzitsa chiyani za mphamvu ya anthu onyozeka?
3. Ngati mabanja khumi a m'Mphakati wathu atamasonkha mlungu uliwonse, tingathandize ntchito yanji?