Mafunso ndi Mayankho: Everybody Ndi Aliyense

WOULUTSA: Chifunga chaphimba phiri la Dedza madzulo ano, choncho sendererani pamoto timvere limodzi pulogalamu yathu ya Chingerezi. Aphunzitsi athu afika kale. Mwaswera bwanji, aphunzitsi?

APHUNZITSI: Ndaswera bwino, kaya inu achimwene. Makalata a sabata ino ndawawerenga onse, ndipo ambiri akufunsa za alowam'malo amene satchula munthu kapena chinthu chenicheni. Pa Chingerezi amawatcha indefinite pronouns. Ndi mawu monga someone, anybody, everyone, nobody, something ndi nothing. Ife timati wina wake, aliyense, chilichonse, palibe.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 4 ku Bembeke. Akuti analemba kuti "Everybody have arrived," aphunzitsi ake n'kudula have uja ndi cholembera chofiira. Ndiye akufunsa kuti, anthu onse si ambiri kodi?

APHUNZITSI: Mwanawe, funso lako ndi labwino. Pamene unaphonya ndi pomasulira. Mumtima mwako unati everybody ndi onse, pamene tanthauzo lake ndi aliyense. Tamvera Chichewa chako chomwe: timati "onse afika" koma "aliyense wafika." Mawu akuti aliyense amawerenga anthu mmodzimmodzi, ngakhale atadzaza bwalo la mpira. Chingerezi chimateronso. Mlowam'malo aliyense wothera ndi body, one kapena thing amayenda ndi mneni wa chinthu chimodzi: is, was, has. Uzilemba kuti "Everybody has arrived." Ukafuna have, sintha mlowam'malo, unene kuti "All have arrived."

WOULUTSA: Yachiwiri yachokera kwa bambo wina wogulitsa mbatatesi pa msika wa Chimbiya. Akuti tsiku lina malonda atavuta anauza mwana wawo kuti "I didn't sell nothing today," mwanayo n'kugwa nalo phwete. Akufuna adziwe chimene analakwa.

APHUNZITSI: Bambo, pepani ndi malondawo. Chimene chinachitika n'chakuti munakana kawiri m'chiganizo chimodzi. Didn't ndi kukana, nothing ndi kukananso. Pa Chingerezi cha kusukulu, kukana kuwiri kumafafanizana, moti zimamveka ngati munagulitsako ndithu. Onani mmene timanenera ife: "sindinagulitse kanthu." Kukana kuli pa si- yekha, kanthu akungotsatira. Kanthu ameneyo ndiye anything. Njira zilipo ziwiri: "I didn't sell anything" kapena "I sold nothing." Sankhani imodzi, osaziphatikiza. Chimodzimodzi nobody ndi anybody: "I didn't see anybody" kapena "I saw nobody."

Ndiwonjezere apa kwa inu amene mumadutsa chipata cha Dedza kupita ku Calomue ndi ku Angonia. Anzathu a ku Mozambique, pa Chipwitikizi, amati "não vendi nada," kukana kawiri, ndipo kwa iwo n'kukhoza. M'mafilimu a ku America mudzamvanso anthu akukana kawiri pocheza. Zimenezo zisakusokonezeni, pa pepala la mayeso kanani kamodzi.

WOULUTSA: Nayi ina, yochokera kwa mayi wina wophunzitsa Sitandade 8 ku Lobi. Akuti ana awo amakonda kulemba kuti "Others went to Chongoni, others stayed at school." Akuti zimawamvekera zolakwika, koma amasowa pogwira pofotokozera anawo.

APHUNZITSI: Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Vuto ili ndi lathulathu, chifukwa ife timabwereza liwu limodzi: "ena anapita ku Chongoni, ena anatsala." Chingerezi chili ndi mawu awiri pamenepa. Ena oyamba ndi some, ena achiwiri ndi others. Others sangatsogole, chifukwa amatanthauza otsala pa amene atchulidwa kale. Anawo azilemba kuti "Some went to Chongoni, others stayed at school." Mawa m'kalasi imikani ana khumi kutsogolo, anayi apite kukhomo, asanu ndi mmodzi akhale pabolodi. Lozani gulu loyamba mukuti some, lachiwiri mukuti others. Sadzaiwalanso. Ndipo akafuna kunena wina mmodzi wowonjezera, liwu lake ndi another.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera kwa mnyamata wa ku Linthipe. Akufunsa kusiyana kwa someone ndi anyone, komanso ngati "Everyone brought their pen" n'kukhoza.

APHUNZITSI: Someone ndi wina wake, munthu amene alipodi koma sitikumutchula: "Someone is at the door." Anyone amapezeka kwambiri pofunsa ndi pokana: "Is anyone at home?" Akabwera m'chiganizo chovomera amatanthauza wina aliyense posasankha: "Anyone can learn English." Koma pomupatsa mlendo chinthu timagwiritsa ntchito some ngakhale tikufunsa: "Would you like something to eat?"

Za their zija, Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, his ndi her, pamene ife timangoti "cholembera chake." Posadziwa kuti munthuyo ndani, eni chiyankhulo ambiri masiku ano amati their, ndipo n'zololedwa. Mabuku ena akale amafuna his or her. Ukamalemba mayeso n'kukayika, thawa msamphawo polemba kuti "All the students brought their pens." Ukumbukirenso kuti no one amalembedwa motalikitsa, mawu awiri, pamene nobody ndi liwu limodzi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Mawu otsiriza?

APHUNZITSI: Ana inu amene mukukonzekera mayeso a MANEB, mukudziwa kuti satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi, ndipo malikisi amathawira pa timawu ting'onoting'ono ngati timeneti. Usiku uno lembani ziganizo zisanu: cha everybody, cha nothing, cha anything, cha some ndi others, ndi cha anyone. Mukawaonetse aphunzitsi anu mawa. Pamene pavute, tilembereni, tidzayankha sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.