Kodi chimbale chimodzi chingakwanire Lucky Dube?

Funso: Ndagula Retrospective ya Lucky Dube kuno ku Johannesburg. Kodi zimbale zake zakale ndizifunirenji?

Yankho: Zifuneni ndithu, bambo. Retrospective inatuluka mu 2008, mwini wake ataphedwa kale ku Rosettenville pa 18 Okutobala 2007, kotero kusankha komaliza kunali kwa ena. Mwina munena kuti nyimbo zabwino zonse zili momwemo, ndipo ndalama n'zovuta. Zoonadi, poyambira n'chabwino. Koma osankha amazula nyimbo m'nyengo yake. Slave ya 1987 ndi Prisoner ya 1989 zinajambulidwa tsankho likadali pachimake, boma litaletsa kale chimbale chake cha Rastas Never Die mu 1985, ndipo mkwiyo wa zaka zimenezo umamveka bwino mukamvera chimbale chathunthu, kuphatikizapo nyimbo zomwe mawayilesi sankaziulutsa.