Mpando wa ku laibulale ukundipana

Funso: Ndimagwira ntchito mu laibulale ina ku New York. Ndine mayi wonenepa, ndipo mpando wanga uli ndi zotsamira mikono zomwe zimandipana m'chiuno tsiku lonse. Ndikuchita manyazi kuwauza abwana. Nditani?

Yankho: Pepani mayi, vuto ndi mpandowo, thupi lanu lilibe mlandu. Kuyambira mu 2023, lamulo la mzinda wa New York limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha kunenepa, kutalika kapena kufupika. Lembani kalata yopempha mpando wotakasuka wopanda zotsamirazo. Onaninso kamakwerero kofikira mabuku a pamwamba: kulemera kumene kangathe kunyamula kawirikawiri amalemba pambali pake. Pemphaninso mipando ingapo yotere ya owerenga, poti ena amangoima chilili osadandaula. Kalatayo ikafike kwa abwana mawa lomwe.