Phunziro: Glasgow, mzinda umene ana amaphunzira akuyenda

Glasgow ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku Scotland, ngakhale kuti likulu la dzikolo ndi Edinburgh. Uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, komwe kale ankapangirako sitima zapamadzi zambiri. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale za mzindawu salipiritsa pakhomo, choncho ngakhale banja losauka limatha kupita ndi ana onse.

Malo oyamba ndi Kelvingrove, nyumba yomwe inatsegulidwa mu 1901. Mkatimo ana amaona njovu youmitsidwa yotchedwa Sir Roger komanso ndege yankhondo ya Spitfire yopachikidwa kudenga. Apa mwana amaona ndi maso ake zimene amangowerenga m'buku la sayansi ndi la mbiri yakale.

Achiwiri ndi Riverside Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2011. Muli magalimoto akale, njinga ndi mitu ya sitima zapamtunda, ndipo panja pake paima chombo cha matanga cha Glenlee, chomangidwa mu 1896. Atsikana athu adziwe kuti pulani ya nyumbayi anajambula ndi mayi, Zaha Hadid, wobadwira ku Baghdad.

Achitatu ndi paki ya Pollok, momwe ana amathamanga momasuka n'kumaonerera ng'ombe zaubweya wautali za kumapiri a Scotland. M'pakimo muli nyumba ya Burrell Collection, yosunga katundu yemwe Sir William Burrell anapereka ku mzindawu mu 1944. Zina mwa zinthuzo ndi makapeti ndi mbiya zopangidwa ndi amisiri a m'maiko a Chisilamu monga Iran.

Malo achinayi amatikhudza ife Amalawi. Pafupi ndi Glasgow pali tauni yaing'ono ya Blantyre, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina kuchokera kumeneko pamene amishoni anakhazikikako mu 1876. Alendo amaona chipinda chimodzi chomwe banja lonse la a Livingstone linkagonamo. Mnyamatayo anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ndipo ankapita kusukulu usiku akaweruka. Kumeneko amakumbukiranso Abdullah Susi ndi James Chuma, Myao, omwe anatsogolera ulendo wonyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo, ku Zambia wa lero, mpaka ku Bagamoyo atamwalira mu 1873.

Banja la Chisilamu silivutika ku Glasgow. Mzikiti waukulu wa Glasgow Central Mosque unatsegulidwa mu 1984, ndipo chakudya cha halaal chimapezeka m'madera ambiri. Chofunika kusamala ndi nthawi ya swala. Mzindawu uli pafupifupi madigiri 56 kumpoto kwa equator, n'chifukwa chake mu June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pomwe mu December limalowa 4 koloko isanakwane. Wokonza ulendo ayenera kuona kalendala ya mzikiti wa komweko, osati kudalira nthawi zomwe anazolowera kuno.

Ambiri a ife sitidzapondako ku Scotland, koma makolo ndi a komiti angatengepo nzeru. Ku Chichiri kuli Museum of Malawi, ku Mangochi kuli Lake Malawi Museum, ndipo ku Karonga kuli chigoba cha Malawisaurus. Ulendo umodzi pa chaka ungathandize ophunzira athu kumvetsa zimene amafunsidwa pa mayeso.

Mafunso a ophunzira

1. N'chifukwa chiyani nthawi ya Maghrib imasintha kwambiri ku Glasgow kusiyana ndi ku Malawi?
2. Fotokozani mgwirizano wa mayina a Blantyre wa ku Scotland ndi wa kuno.
3. Kodi Susi ndi Chuma anachita chiyani mu 1873?
4. Sankhani malo amodzi a m'boma lanu omwe mungatengereko mlendo, ndipo lembani zimene angaphunzireko.