Phunziro: Kukonzekera Katemera wa Chikuku Pambuyo pa Chilala

Pa 29 February 2024 mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Ife a ku Rufunsa tikudziwa kuti njala siyenda yokha. Mwana wosowa chakudya thupi lake limafooka, ndipo chikuku chikamupeza chimatha kubweretsa chibayo, kutsegula m'mimba, khungu ngakhale imfa.

Chikuku chimafala ndi mpweya pamene wodwala atsokomola kapena kuyetsemula. Mwa anthu 10 osatemeredwa okhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga matendawa. Tsono pamalo ogawira chimanga, pa mjigo ndi m'tchalitchi, pamene timasonkhana ambiri, ndi pamene matendawa amapeza njira. Mu 2022 ana oposa 700 anamwalira ndi chikuku ku Zimbabwe, ambiri a iwo osatemeredwa.

Katemera amaperekedwa ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo ndi waulere. Ntchito ya mpingo ndi kuthandiza kuti mwana aliyense afikiridwe. Tichite izi:

1. Tiwerenge ana. Akulu a mpingo ndi komiti ya zaumoyo ayende khomo ndi khomo kulemba ana ndi kuona makhadi awo a ku sikelo. Masiku onse mwana amabayidwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 18. Pa nthawi ya tsoka azaumoyo angathe kuyambira pa miyezi 6 kufikira zaka 15. Wobayidwa asanakwane miyezi 9 abwererenso akakwanitsa miyezi 9.

2. Tidziwitse mafumu. Mawu ayambe afika kwa a Mfumu Mpanshya, a Mfumu Shikabeta ndi a Mfumu Bunda Bunda, kuti nyakwawa zilengeze m'midzi. Abusa alengezenso masabata awiri tsikulo lisanafike.

3. Tisankhe malo. Midzi ya kutali ndi msewu wa Great East isaiwalike. Mayi wanjala sangayende mtunda wautali ndi ana awiri, choncho katemera apite kwa iye, kapena aperekedwe tsiku logawa chakudya.

4. Tisamale kuzizira. Katemerayu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima maola ambiri, tsono tigwirizane msanga ndi a kuchipatala za mabokosi ozizira ndi njinga zonyamulira. Akasungunulidwa, katemera wotsala amatayidwa pakatha maola 6, choncho ana afike pa nthawi yake.

5. Tikumbukire vitamini A. Ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 alandire pa tsiku lomwelo. Mwana wowonda asabwezedwe. Iye ndiye woyamba kufuna katemera.

6. Tibwereze kaundula. Kuti chikuku chisafale, pafunika ana 95 mwa 100 alionse atemeredwe. Amene sanabwere tiwalondole kwawo.

Tikaona mwana watentha thupi, akutsokomola, maso afiira, ndipo zidzolo zayambira kumaso, timutengere msanga ku kiliniki kapena ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya. Asapite ku sukulu kapena ku Sande sukulu kufikira atachira.

Mafunso okambirana pagulu:
Ndi midzi iti ya kwathu imene azaumoyo safikako kawirikawiri?
Kholo lokana katemera tingalankhule nalo motani mwaulemu?
Ndani pakati pathu adzasunga kaundula wa ana?